Mchere wa pakhomo pa a Mwanamvua

Joana anafika ku Malindi mu 1988 akuthawa nkhondo ya ku Mozambique, wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe. Anakwatiwa ndi Amidu, msodzi wa usipa, nakhala pakhomo pa apongozi ake, a Mwanamvua.

Pakhomopo mkazi akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo, ankamuthirira wina. Tsono msambo wa Joana unali wosadalirika: unkabwera, kenako n'kusowa miyezi itatu kapena inayi. Wobwera alibe pothawira kawiri. Poopa kutchedwa chumba n'kubwezedwa kumsasa wa othawa nkhondo, mwezi uliwonse ankanamizira. "Amayi, ndithirireni mchere," chonsecho ali bwinobwino. Bodzali analisenza mpaka anaima.

Mimbayo inabwera ndi ludzu losatha. Ankamwa madzi ngati akuthira mumchenga, kukodza kosalekeza, mimba n'kukula kuposa miyezi yake. Joana anachita mantha. A Mwanamvua anamuperekeza kusikelo, ndipo anakana kutsala panja.

"Musanaime, kumwezi munkapita bwanji?" anafunsa namwino Enelesi.

"Mwezi ndi mwezi," a Mwanamvua anamuyankhira. "Mchere ndinkamuthirira ndine. Ludzulo ndi dzuwa la Okutobala ili, tonse tili nalo."

"Ndikufunsa chifukwa amayi amene msambo wawo umadumphadumpha, shuga amakonda kuwagwira akaima, ndipo mimba imatha kupita padera," anatero namwino. "Timapepala toyezera mkodzo tatsala tochepa, anthu achuluka. Ngati zonse zinkayenda bwino, mudzabwere mwezi wamawa."

Joana analingalira mofulumira. Akatuluka chete, banja lake litsala, koma mwana bwanji? Akalankhula, apongozi adziwa kuti ankawapusitsa kukhitchini kwawo komwe. Namwino anali ataitana kale wotsatira.

"Asisitala," anatero Joana, maso ali pansi. "Ndinkanama. Nthawi zina inkatha miyezi inayi osaona kanthu."

 Namwino anapatsa Joana kabotolo, ndipo kapepala kataviikidwa mumkodzo kanasintha mtundu pompo.

"Shuga alimo. Lero lomwe mupite kuchipatala chachikulu ku Mangochi akakuyezeni magazi. Musagone kunyumba."

Pamsewu, podikira galimoto, Joana anaima patali akuyembekeza chipongwe. Ankadziwa kuti Amidu azimva zonse dzuwa lisanalowe. Apongozi analankhula akuyang'ana fumbi, osamuyang'ana iye.

"Inenso msambo wanga unali wotero. Amidu asanabadwe ndinaika ana awiri m'manda, obadwa akuluakulu thupi, osalira n'komwe. Anthu ankati ndalodzedwa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo. "Funso lija palibe anandifunsapo. Ndipo lero ndinakuyankhira iwe, n'kutsala pang'ono kukutayitsa mwana."