Nsomba za a Stoimen

Kampani yathu ku Plovdiv inkagulitsa pulogalamu yoyendetsa mapampu kwa alimi a nsomba a kumapiri. Pulogalamuyo inali ndi nthenda imodzi: nthawi zina inkangouma gwa. Alimi ankathimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, zinthu n'kuyambiranso kuyenda, koma kuthimitsako kunkafufuta zonse za m'memore, ife n'kusowa poyambira kufufuza. Tsvetan, mkulu wa gulu lathu, zinkamudya moyo, poti mabwana anali atayamba kumuseka pamisonkhano.

Masana ena a mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, foni inalira pa tebulo la Radostina, yemwe ankayankha makasitomala. Anali a Stoimen, mdala wa madamu a nsomba kufupi ndi Devin. Anati pulogalamu yauma, mapampu olowetsa mpweya m'madzi aima, ndiye akupita kukathimitsa.

Tsvetan anadzambatuka nalamula kuti mdalayo asakhudze kanthu. Analowa m'kompyuta ya kufamuko kudzera pa intaneti, nayamba kukopera memore yonse m'fayilo pulogalamu ili chiumire, kuti tidzaifufuze modekha pambuyo pake. Kompyutayo inali yakale, ndipo ntchito inkayenda ngati nkhono.

"A Tsvetan, akuti nsomba zayamba kuyasama pamwamba pa madzi," anatero Radostina.

"Auze kuti akathimitsa panopa makina onse apsa."

"Koma si zoona."

"Iwe unalembedwa ntchito yoyankha foni kapena yolalikira?"

Radostina anawauza bodzalo, ndipo a Stoimen anakhulupirira. Iwo ndi akazi awo anatenga zidebe, n'kumatunga madzi ndi kuwakhuthulira m'damu kuchokera m'mwamba kuti mwina mpweya ulowe. Foni anaisiya pakhoma osadula, choncho tinkamva phokoso la madzi, kupuma kwa wefuwefu, ndi mayiwo akutchula Mulungu. Tsvetan anachepetsa mawu a foniyo, namasula banitsa wake, chitumbuwa cha tchizi, n'kuyamba kudya, maso ali pa sikirini.

Kukopera kutatha anapukuta manja, nati tsopano akhoza kuthimitsa. Mapampu anadzuka pompo. Koma m'madamu akuluakulu, mmene munali nsomba zoyembekezera kugulitsidwa, zinali zitayandama kale mimba zili m'mwamba.

M'mawa mwake tinatsegula fayilo ija. Disiki ya kufamu inali itadzaza kukopera kuli mkati, fayilo n'kudukira panjira. Munalibe chotolamo. Tsvetan anatukwana, kenaka anauza mabwana kuti nsomba zafa chifukwa kasitomala anachedwa kuthimitsa kompyuta. Atabwerako anati Radostina aimbire foni a Stoimen afunse kuti nsomba zatsopano zifika liti, chifukwa pulogalamu imauma pokhapokha madamu onse akugwira ntchito. Radostina anakana, natuluka kukalirira pakhonde. Tsvetan anaimba yekha, mawu ake ofewa ngati a pamaliro.

"Pepani kwambiri, bambo Stoimen. Tiikako disiki yaikulu kwaulere. Zikadzachitikanso, musadzakhudze kanthu, mudzangotiimbira."

A Stoimen anati anachezera usiku wonse kukwirira nsombazo ndi thirakitala ya mnansi wawo, ndipo nyengo yozizira ikubwerayi adzapita kukagwira ganyu ku Smolyan.

"Komabe zikomo, mwana wanga," anatero mdalayo. "Mukanapanda inu, ndikanawotchanso ndi makina omwe."

Sabata yotsatira basi inabweretsa botolo la uchi lochokera kwa akazi awo, lolembedwa dzina la Radostina.