Mawu a Galu wa Chipewa

TV yathu inalibe mawu. Sipika inapsa ndisanayambe sukulu, ndipo bambo anati ana a maso awiriawiri zithunzi zikuwakwanira. Choncho makatuni onse a ubwana wanga ankayankhulira pakamwa pa achimwene anga.

Ankakhala pansi atatsamira mpando, ine pambali pawo. Katuni yathu inali ya galu wovala chipewa amene ankalondera munda, ndi bakha wakuba. Galuyo achimwene anamupatsa mawu a eni nyumba yathu, okhuthala, odandaula za mpopi wodontha. Bakha ankayankhula ngati azakhali: "Ine sindinalawe kanthu chidzukireni," uku akumeza dzungu lathunthu. Galu akagwa kuphompho ankatsanzika abale ake mmodzimmodzi ali m'malere, kenako n'kuphwatalala pansi, n'kudzuka, n'kukonza chipewa. Mayi ankaseka ali kukhitchini osaona n'komwe chithunzi.

Patapita zaka zambiri, sitiroko inawagwira achimwene ali pa kauntala m'sitolo ya zitsulo momwe ankagwira ntchito. Dzanja lamanja linafa, mawu anapita. Dokotala wophunzitsa kuyankhula anatiuza mosabisa kuti miyezi yoyambirira ndiyo ya mwayi, ikadutsa munthu amakhala ndi zomwe zatsalazo. Miyeziyo inali kutha. Anati tiwapezere chinthu chimene ankachikonda, mwina lilime lingakumbuke.

Digiri yanga inali isanandipezere ntchito, ndiye nthawi ndinali nayo yambiri. Ndinasakasaka pa intaneti mpaka katuni ija ndinaipeza.

Achimwene ndinawapeza pa mpando pafupi ndi zenera, thaulo lili pachifuwa. Akazi awo anali kusita mayunifolomu a ana pa bedi.

"Mwatitengera chiyani lero, a Digiri?" anafunsa alamuwo.

"Mankhwala," ndinatero, n'kutulutsa foni.

"A mu foni? Bola musapemphe tchaja, ilipo imodzi m'nyumba muno."

Ndinaimika foni pa tebulo patsogolo pa achimwene n'kudina. Sindinaganizepo kuti katuniyo ili ndi mawu akeake. Kunalira malipenga, galu n'kutsegula pakamwa. Mawu ake anali opyapyala, othamanga, ndipo ankangonena zomwe tikuona kale: kuti dzungu labedwa, kuti amugwira wakubayo. Za mpopi sanatchule. Bakha sankayankhula n'komwe, ankangolira ngati bakha.

"Zimenezi ndi zomwe munkafa nazo ndi phwete?" anatero alamu.

Achimwene ankayang'ana ngati munthu wodikira basi ya wina. Ndinachotsa mawu onse n'kubwezera poyambira.

"Achimwene, si uyu galu uja? Akuti chiyani apa?"

Anawerama pang'ono. Maso anatsata galu kuchokera pa mpanda mpaka pa phompho. Galu atatsegula pakamwa, nawo anatsegula. Atatseka, anatseka. Sanachedwe, sanafulumire, ngakhale pamene galu amapuma kuti akonze chipewa nawonso anapuma. Zonse zinalimo. Koma pakhosi panangotuluka liwu limodzi lalitali lopanda mutu, ndipo malovu anatsikira pa thaulo.

Alamu anaimika simbi.

Achimwene anayesanso pa bakha. Khosi linatupa, dzanja lamanzere linafinya mkono wa mpando. Dokotala anatichenjeza kuti tisamawamalizire mawu, tizidikira ngakhale zitawawa. Ndinadikira mpaka bakha anameza dzungu lachiwiri. Kenako ndinalephera. Ndinakhuthalitsa mawu anga n'kuyamba kuyankhulira galu, za mpopi, za ana owononga chitseko. Sizinkaseketsa. Ndinkachedwa, galu amatseka pakamwa ine ndikadali pakati pa chiganizo.

Achimwene anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatambasula dzanja lamanzere n'kuvundikira foni pa tebulo, mosamala, kuti galasi lisasweke. Anatembenukira ku zenera.

"Asiyeni, atopa," anatero alamu. Anawapukuta pakamwa ndi ngodya ya thaulo. "Ana aweruka posachedwa, sindifuna awapeze chonchi."

Ndinaika foni m'chikwama. Pakhomo alamu ananditsatira, n'kutsitsa mawu.

"Dokotala akafunsa mawa, tikanena chiyani?"

"Tikanena kuti anayesa."

"Tinanena zomwezo mwezi watha," anatero, n'kubwerera kukazula pulagi ya simbi.