Kumwetulira kwa Mneneri

"Bwerezanso," anatero amalume, atagwira burashi ya nsapato ngati maikolofoni. "Mayi Mneneri, basi yanu yagwera m'ngalande, anthu ali m'chipatala. Mabuleki munawaona liti komaliza?"

Mneneri anaima chilili pafupi ndi firiji, nakoka jekete yake. "Choyamba, kampani yathu ikupepesa kwa onse amene avulala..."

"Ima! Mano ako ndawaona onse, mpaka a kumapeto."

"Sindikuseka, malume."

"Kauze pakamwa pakopo, sipanamve."

Vuto linali limenelo. Mwana wa mlongo wawoyu anali mneneri wa kampani ya mabasi, ndipo chiyambire ubwana, akachita mantha milomo yake inkatambasuka yokha. Polengeza njira yatsopano kapena pogawa mayunifolomu kwa madalaivala, kumwetulirako kunkamukhala bwino. Koma dzulo lake basi ina inataya mabuleki pamtsetse, ndipo kanema wa anthu akutulukira pawindo anali atazungulira kale mafoni onse a m'tauni. Atolankhani ankabwera masana omwewo. Bwana ananena mosabisa kuti nkhope imeneyo ikangooneka ikusekerera anthu ovulala, mpando wa mneneri aupatsa wina.

Kampani inali itamutumizapo ku maphunziro a aneneri, kuhotela ya makapeti ofewa ndi madzi a m'mabotolo. Anabwerako ndi setifiketi komanso malamulo oloweza: pepesa, nena zomwe ukudziwa, nena zomwe muchite. Koma atamujambula poyeserera, mphunzitsi anangopukusa mutu. "Nkhopeyi mukaikonze, mayi." Kakonzedwe kake ndiye sikanali pa pulogalamu.

Choncho anathamangira kwa amalume, amene anthu a mumsewu wawo ankawatcha Wakunja. Anakalambira kumaiko ena akuyankhulira makampani a eni ake, ndipo pobwerera anapeza laibulale imene anaphunziramo kukonda mabuku itasanduka shopu ya matayala. Sanaikhululukire tauniyo.

"Kale nkhani inkadikira mtolankhani asambe m'maso," anadandaula. "Lero aliyense wa foni ndi wailesi, ngakhale amene sadziwa kulemba dzina lake. Luma tsaya m'kati, tiyesenso."

Analuma. Mawu anatuluka ngati a munthu wochokera kozula dzino.

"Ika kamwala mu nsapato."

Anaika. Anamwetulira akutsimphina.

"Ganizira chinthu chomvetsa chisoni, mwana iwe!"

"Ndikuganizira tiyi wanu wopanda shugayu, malume."

"Ameneyu ndi tiyi wa anthu otsogola."

"Ndiye kutsogolako n'kowawa."

Anaseka onse awiri, koma nthawi sinkaseka nawo. Amalume anakonza magalasi, nasendeza burashi kufupi ndi chibwano chake. Mawu awo anauma ngati a mtolankhani wanjala.

"Mwa ovulalawo muli kamtsikana kathyoka mwendo. Mayi ake akukuonerani. Muwauza chiyani?"

Mneneri anatsegula pakamwa. Milomo inatambasuka kuposa kale, masaya anakwera, koma m'maso munadzaza misozi, ndipo chala chake chinkakanda batani la jekete ngati chikufuna kulizula.

Amalume anatsitsa burashi pang'onopang'ono, nakhala pampando.

"Malume, mwatani?"

"Waima ndendende ngati malemu mayi ako." Anavula magalasi. "Tsiku limene ndinkakwera ndege anandiperekeza. Anamwetulira chonchi mpaka ndinalowa pachipata. Ine m'mtima ndinati, onani mlongo wanga, wakondwa kuti ndamuchokera."

"Amayi? Analira sabata yonse! Ankatiuza mpaka titatopa nayo nkhaniyo."

"Ine sanandiuze. Akanangonena kuti achimwene, nkhope yangayi musaikhulupirire, ndili ndi mantha..." Anapukuta magalasiwo ndi malaya kwa nthawi yaitali. "Chotsa mwala mu nsapatomo. Nkhopeyi sitiikonza. Ungowauza."

"Ndiwauze atolankhani kuti ndili ndi mantha? Kumaphunziro anati mneneri asamaonetse..."

"Aphunzitsi akowo mayi ako sanawaone."

Masana, chipinda cha misonkhano chinadzaza. Makamera anaima pamiyendo yawo, mafoni anaunjikana patebulo. Bwana anakhala pambali atapinda manja. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kunaima amalume, nkhalamba ya chipewa imene mlonda anailowetsa poiyesa mkonzi wa nyuzipepala.

Mneneri anamva milomo yake ikuyamba. Anaisiya.

"Ndisanayambe, ndipemphe chinthu chimodzi," anatero. "Mukuona ndikumwetulira. Ndinabadwa choncho, ndikachita mantha nkhope yanga imatero, ndipo lero ndili ndi mantha kwambiri. Musakhulupirire nkhopeyi, mumve mawu anga. Basi ija ndi yathu. Mabuleki anakana, ndipo anthu amene anatikhulupirira ali m'chipatala. Tikupepesa. Mabasi onse a mtundu umenewo tawaimitsa mpaka ataunikidwa."

Mtolankhani wina amene anali atakweza kale dzanja, funso la mano lili kukamwa, analitsitsa. Kenako anafunsa za mabuleki. Onse anafunsa za mabuleki, ndipo mafunsowo sanali ofewa. Iye anayankha zimene ankadziwa, ndipo zimene sankadziwa ananena kuti sakuzidziwa.

Atolankhani atatuluka, bwana anamuimitsa pakhonde.

"Zoyambirira zija sizinali m'zimene tinagwirizana."

"Sizinalimo, bwana."

Bwana anayang'ana foni yawo, nakanda m'mutu. "Mayi wa kamtsikana kothyoka mwendo kaja waimba. Ine sakundifuna. Akuti mawa kubwere yemwe uja wamantha. Galimoto ikutengani m'mawa."

Madzulo ake Mneneri anadutsira kwa amalume ndi paketi ya shuga. Anawapeza atatsegula sutikesi imene inakhala kunsi kwa bedi chibwerereni. Pamwamba pa firiji, chotsamira burashi ya nsapato, panali chithunzi chakale cha mtsikana ataima pabwalo la ndege, mano onse panja.

"Thira madzi pamoto," anatero Wakunja osacheuka. "Lero ndimwa wa shuga."