Majenolo a Mayi Makadi

"Alamu, laibulale yanuyi ndi manda a mabuku," anatero mzamba wina, n'kuponya mapepala patebulo la Mayi Makadi.

Mayi Makadi anavula magalasi. Dzina loti Makadili linawakanirira kuyambira kale, katalogu ya laibulale ya payunivesitepo idakali timakadi tondanda m'madirowa amatabwa. Tsopano katalogu inali pa intaneti, koma dzina silinasamuke. Amene anaima patsogolo pawoyo anali mchemwali wa amuna awo, mzamba wa pachipatala china chakutali, yemwe ankaphunzira digiri yachiwiri uku akugwira ntchito.

Mapepalawo anali psuu ndi inki ya pulofesa wake.

"Akuti zonse zomwe ndatchulamo n'zakale," anapitiriza mzambayo. "Akuti ndikabweranso nazo, chaka chino ndichiiwale. Ndasaka m'katalogu yanu masiku atatu za amayi otaya magazi akachira. Kwatuluka mabuku anayi. Limodzi linasindikizidwa ine ndisanabadwe."

"Khalani pansi, alamu. Mukufuna majenolo inu."

Majenolo anali magazini momwe akatswiri amalembamo kafukufuku watsopano. Yunivesite inkalipira chaka ndi chaka kuti anthu ake aziwawerenga pa intaneti. Mayi Makadi anatembenuza kompyuta, nadina pakona ya tsamba la laibulale, nadinanso pena, kenako anatsegula mndandanda wa masamba makumi asanu ndi limodzi. Anatsika nawo mpaka anapeza dzina lomwe ankafuna. Pagalasi panatuluka nkhani yolembedwa mwezi wathawo.

Mzambayo anayang'ana kwa kanthawi, kukamwa kuli yasa.

"Zinali pomwepa nthawi yonseyi?"

"Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Safunsa anadya phula, alamu."

"Munthu amafunsa chinthu chomwe akudziwa kuti chilipo. Ine ndakwera basi maola asanu. Anzanga ena asiya sukulu. Ndiye inu mumabisira ndani?"

Mayi Makadi anatembenukira kumashelefu. Anali atagwira ntchito ya katalogu zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ankanyadira kuti m'nyumbamo munalibe buku lomwe munthu angalephere kulipeza. Mawu a mlamu wawo anawalasa penipeni.

M'mawa mwake anagogoda kwa mkulu wa laibulale. Anamupeza atagwira kuchibwano, lipoti lili patsogolo.

"Mwabwera bwino, mayi. Taonani. Majenolo aja sakuwerengedwa. Komiti ya yunivesite ikumana mwezi wamawa, ndipo akufuna tiwasiye."

"Sakuwerengedwa chifukwa sakuoneka, bwana. Ndiloleni ndiwalowetse m'katalogu. Munthu akalemba chomwe akufuna, mabuku ndi majenolo zizitulukira pamodzi, adine kamodzi, awerenge."

"Katalogu ndi ya zinthu zomwe zili pashelefu."

"Wophunzira safuna shelefu, bwana. Amafuna zolembedwazo."

Mkuluyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Alipo zikwi zinayi ndi kuposa. Walira mvula walira matope. Malinki odinapowo akamakana kutseguka, anthu azidzabwera kwa inu."

"Abwere. Mpando ndili nawo."

Kuchoka apo anatsikira kuchipinda chozizira cha makompyuta, kwa bambo wina wadazi yemwe aliyense ankamutcha Mawaya. Iyeyu anamvetsera uku akutafuna chivindikiro cha cholembera.

"Zimenezo n'zamasana amodzi, mayi," anatero. "Ndithira mndandanda wonse kamodzin'kamodzi ngati madzi mumgolo."

Anathiradi. Tsiku lotsatira, ophunzira anayamba kukwera masitepe m'magulu, n'kumazungulira mashelefu a m'mwamba ngati nkhuku zosowa poikira. Kenako anatsikira kwa Mayi Makadi, nkhope zili gwaa. Makina anali atalemba pa jenolo iliyonse kuti ili pashelefu, m'chipinda cham'mwamba.

"Masana amodzi aja ndi amenewa, a Mawaya?"

"Makina amachita zomwe awuzidwa, mayi."

"Nanga anawauza ndani?"

Mawaya anakanda padazi, ndipo onse awiri anaseka. Koma mkulu wa laibulale sanaseke. Anadutsa pakhomo, nangoti, "Matope aja ayamba," n'kupitirira.

Anayambiranso, ulendo uno mofatsa. Mawaya anakonza zoti pa jenolo iliyonse pazioneka mawu akuti "Werengani pano", komanso kuti wophunzira ali kutali azilowa ndi nambala yake ya pasukulu. Mayi Makadi anatenga ntchito yomwe makina sakanaitha. Ankatsegula linki iliyonse ndi dzanja lawo, mazana awiri patsiku, kuona ngati ikufikadi komwe ikunena. Zakufa ankazilemba m'kope lachikuto chobiriwira. Jenolo iliyonse ankaipatsa mitu yake, kuti wosaka za uzamba kapena za nthaka aipeze ngakhale sakudziwa dzina lake. Maso ankawawa, phewa lakumanja linauma. Kunyumba amuna awo ankawaseka kuti chala chikudinabe ngakhale pa mbale.

"Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha," ankayankha choncho, n'kupitiriza kudya.

Tsiku la komiti linafika. M'chipinda cha misonkhano munakhala anthu asanu ndi anayi, ndipo pakati pawo panali pulofesa uja wa inki yofiira. Mayi Makadi anaimirira, nayamba kuonetsa pakhoma momwe katalogu ikugwirira ntchito. Asanafike patali, pulofesayo anakweza dzanja.

"Pepani mayi, zokonzeratu ine sindizikhulupirira. Bweretsani kuno ndilembe ndekha."

Anamupatsa kompyuta. Analemba ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, mutu wa kafukufuku wake womwe. Mawaya, ali kumbuyo, anatsinzina.

Pakhoma panatuluka mndandanda wautali. Pulofesa anadina jenolo yoyamba, nasakamo pang'ono, kenako anadina nkhani imodzi. Nkhani yomwe inatseguka inali ndi dzina lake pamwamba.

"Iyi ndinalemba ine," anatero, mawu atatsika. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ophunzira anga kuti pasukulu pano palibe. Ndimawagawira fotokope yofufutika, tsamba lomaliza linasowa." Anatsika nayo mpaka kumapeto, nawerenga tsamba lomalizalo ngati kalata yochokera kwa m'bale. Kenako anatembenuka. "Ndani amati tisiye zimenezi?"

Palibe anavomera kuti ndi iye. Mkulu wa laibulale anakonza tayi.

"Ife a laibulale tinaona kuti..." Anaima, nayang'ana kope lobiriwira lomwe linali patebulo. "Ayi, ndinene zoona. Ine ndinkakana. Ntchitoyi ndi ya mayiwa, ndi bambo ali kumbuyowo."

Komiti inagwirizana kuti majenolo apitirire. Patatha milungu itatu, mzamba uja anaimba foni ali kuchipatala kwake, kumbuyo kukumveka kulira kwa khanda.

"Alamu! Zikutseguka pafoni pompano, ndili pabenchi. Ndipo apulofesa avomera. Angolemba mawu awiri okha ofiira."

"Akuti chiyani?"

"Akuti, 'Pitirizani, mwakhoza.' Muwauze achimwene kuti anakwatira bwino."

"Muwauze nokha, ine akandiyesa wodzitama."

Lolemba lotsatira, Mayi Makadi anatuluka mu ofesi yawo kukayang'ana makompyuta a m'holo yowerengera, monga ankachitira sabata iliyonse. Anakhala pa imodzi, natsegula katalogu, n'kuyamba kupukuta magalasi. Pambali pawo panali mayi wina wachikulire ndithu, mphunzitsi wa kupulayimale yemwe anabwera kudzawonjezera maphunziro. Ataona mnzake wangokhala osalemba kanthu, anasendeza mpando.

"Mwasokonezeka, amayi? Musaope, nanenso poyamba zinkandivuta. Lembani apa chomwe mukufuna. Mukaona pomwe alemba kuti 'Werengani pano', dinani pomwepo. Basitu. Ngakhale kunyumba zimatheka."

"Zoona?" anatero Mayi Makadi.

"Eetu. Kaya anakonza ndani, koma mutu wake umagwira. Tayesani, ndikuonereni."

Mayi Makadi anavala magalasi, nalemba liwu limodzi, nadina pomwe analozeredwapo. Nkhani inatseguka.

"Mwaona? Mwatha kale!" anatero mphunzitsiyo, akuwagwira paphewa.

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi," anayankha Mayi Makadi. "Mwandiphunzitsa bwino."