Chipsera cha M'diso la Achimwene

Ntchito yake inali yosandutsa matenda kukhala manambala. Dokotala akalemba zimene wapeza m'diso la wodwala, faelo inkatsikira kwa iye, m'kachipinda kopanda zenera pafupi ndi kosungira mankhwala. Iye ankafufuza nambala yoyenera n'kuilowetsa m'kompyuta. Anzake pachipatala cha masocho ankangomutcha kuti a Manambala. Lamulo la ntchitoyo linali limodzi: chimene dokotala sanalembe, mlembi sachilemba.

Lachitatu lina m'mawa, pamulu wa mafaelo anapezapo ya achimwene ake.

Achimwenewo anali owotcherera zitsulo, ndipo mumsewu wawo ankadziwika kuti a Mbaliwali. Diso lawo lamanzere linafa kalekale ali mwana. Lamanja ndilo linkadyetsa banja, mpaka pamene kachitsulo kanathethekera m'menemo. Bala linapola, koma linasiya chipsera choyera pa galasi la diso, kachikopa koonekera kakutsogolo kaja, pakati penipeni polowera kuwala. Anthu ankati ndi ng'ala, koma sinali ng'ala. Pankafunika kuchotsa galasilo n'kuikapo lina, ndipo akatswiri a ntchito imeneyo ankabwera kuchokera kutali kamodzi pachaka. Odwala oti athandizidwe inkawasankha ndi kompyuta, ndipo inkatola okhawo a nambala ya chipsera chapakati.

Mlembiyo anatsegula faelo ija. Dokotala amene anawaona anangolemba mothamanga kuti, "Chipsera, diso lamanja." Sananene ngati n'chapakati kapena cham'mbali. Mawu otero anali ndi nambala yake, ya chipsera chosatchulidwa malo, ndipo nambala imeneyo kompyuta inkangoidumpha.

Anatenga faelo n'kukwera nayo kwa nesi wamkulu.

"Adokotala ajawa? Anasamutsidwa sabata yatha," anatero nesiyo. "Ngakhale muwapeze pafoni, sangalembenso m'faelo ya kuno."

"Nanga mayina a osankhidwa atumizidwa liti kwa akatswiri aja?"

"Lachisanu, ndamva choncho."

Anakadikira dokotala wamkulu pakhomo la chipinda cha opaleshoni mpaka miyendo inachita dzanzi. Dokotalayo atatuluka, anamumvetsera mwachifundo ndithu.

"Ndikukukhulupirirani, mayi. Koma sindingalembe za diso limene sindinalione. Mubwere nawo mawa m'mawa."

Anabwerera m'kachipinda kake n'kukhala pansi. Nambala ya chipsera chapakati ankaidziwa pamtima. Disolo ankalidziwanso, analiona bwinobwino tsiku lija achimwene ankapapasa pachitseko kufuna polowetsa kiyi. Zala zinakhala pamwamba pa mabatani. Koma akatswiri aja ankayerekeza nambala ndi zolemba za dokotala, ndipo akapeza imodzi yokha yosagwirizana, ankakayikira mayina onse a chipatalacho. Anaganizira mphunzitsi wina wopuma amene ankabwera chogwiridwa dzanja, ndi mayi wina wa ana amapasa, omwe nawonso ankadikira akatswiriwo. Anabweza zala. "Mawa si kutali," anadzilimbitsa mtima.

M'mawa mwake a Mbaliwali anafika atavala jekete la ku ukwati, akutsogoleredwa ndi akazi awo.

"Achemwali, mwati ndabwera kudzasintha nambala? Ngati galimoto yakuba?" anaseka.

"Khalani chete achimwene, muchititsa manyazi."

Dokotala wamkulu anawakhazika pamakina, n'kuunika disolo ndi kakuwala kopyapyala. Sanachedwe. Analemba momveka: chipsera chapakati, chozama, diso lamanja, ndipo ndi diso lokhalo loona. Mlembi uja anatsika masitepe chothamanga, faelo ili pachifuwa. Analowetsa nambala, kompyuta n'kuilandira.

Kenako anatsegula tsamba la osankhidwa. Linali lotseka.

Nesi wamkulu anamuuza osamuyang'ana kumaso. "Akatswiri aja afulumiza ulendo. Mayina anatengedwa dzulo madzulo, anthu tikuweruka. Inenso ndangomva pompano."

"Dzulo?"

"Dzulo."

Mlembi uja anaimba mafoni mpaka khutu linatentha. Kumene anaimba anamuyankha mwaulemu kuti magalasi oika m'diso amene akatswiriwo akubwera nawo ndi owerengeka, ndipo lililonse lili kale ndi mwini wake. Dokotala wamkulu nayenso anayesa, koma anabwerako akupukusa mutu. Panalibe amene anamulalatira, panalibenso woti iye amulalatire. Chimene chinkangomudya n'chakuti akanalowetsa nambala ija dzulo, lero zolemba za dokotala zikanagwirizana nayo.

Ataweruka anadzera ku shedi ya achimwene. Anawapeza atagwada pansi, akupapasa geti limene anali kulumikiza. Mlamu wake anali atakhala pa ndowa yovundikira, ndipo atangoona nkhope yake anagwira pakamwa.

"Ndamva mapazi anu, achemwali. Akulemera," anatero a Mbaliwali. "Nenani."

Anawauza zonse, ngakhale za zala zija zimene anabweza. Achimwene anasisita chitsulo ndi chala chachikulu.

"Ndiye mpaka chaka chamawa?"

"Akabwera. Dzina lanu likhala loyambirira."

"Akabwera," anabwereza a Mbaliwali. Anayesa kuseka koma sizinatheke. Mlamu anadzuka n'kulowa kuseri kwa shedi.

Galimoto zinkadutsa mumsewu, fumbi likugwera pazitsulo. Iye anaima pomwepo ndi chikwama m'manja, osadziwa kuti akhale kapena apite.

"Tabwerani kuno," anatero achimwene. "Mwini getili akubwera mawa. Tandionereni, geti ili lawongoka?"

Anayang'ana. Linali lopotoka, moti ngakhale mwana akanaona.

"Lapendekera kumanzere, achimwene."

"Kwambiri?"

"Kwambiri."

A Mbaliwali anapumira m'mwamba, n'kupapasa pansi kufuna hamala. Iye anaika chikwama pa ndowa, anakwinya manja a bulauzi, n'kugwira chitsulo chozizira chija mwamphamvu.

"Menyani apa pali dzanja langa," anatero. "Dikirani kaye ndilichotse."