Mchere wa ku Halale

"Bwezani dzanjalo!"

Benedeta anadzidzimuka, timibulu toyera n'kumwazikira pamphasa. Apongozi ake, a Felista, anali ataima pakhomo, khasu likadali paphewa, maso ali psuu. Pambali pake Damiano, mwamuna wa Benedeta, anali atatsamira khoma, akupuma movutikira.

Damiano anali atangobwera kuchokera ku Halale, kumene ankaphikira mzungu. Anabwerako ndi bulangeti, chitini cha masamba a tiyi, kathumba ka shuga, ndi chifuwa chosamva mankhwala. Masiku oyamba Benedeta ankawiritsa madzi, kuthira masamba, n'kumupatsa tiyi akufuka nthunzi. Koma kummero kutatupa, zotentha zinakana kudutsa. Ndiye Damiano anamuphunzitsa njira ina: kunyika masamba m'madzi ozizira a mumtsuko m'mamawa, kuvundikira, dzuwa likafika pamutu n'kusefa ndi kansalu. A Felista zonsezi sanazionepo. Madzi akuda a azungu iwo anawakaniratu tsiku loyamba lomwe.

"Mwathira chiyani m'kapumo?" anafunsa a Felista.

"Ndi shuga, amayi."

"Shuga n'chiyani? Ine ndaona mchere ndi maso angawa. Kodi si dzulo lomweli munandiitana kuti ndikuthirireni mchere m'ndiwo chifukwa muli kumwezi?"

Mwambowo Benedeta ankaudziwa bwino. Mkazi akakhala kumwezi amati ndi wotentha, ndipo akathira mchere m'chakudya, wodyayo amadwala mdulo: chifuwa, kutupa, mapeto ake kumanda.

"Madzi ozizira, dzanja lotentha!" anakuwa a Felista. "Ndimadabwa ine kuti chifuwa chimenechi sichikutha bwanji. Mukundidulira mwana masana dzuwa likuswa mtengo, eti?"

"Amayi, chifuwachi ndabwera nacho ine," Damiano anayesa kulowerera, koma mawu anathera m'kutsokomola.

"Khala chete iwe! Lero lomwe nditumiza mawu kwawo ku Nsaru, ankhoswe adzatenge munthu wawo. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Mantha anamugwira Benedeta. Iye anali mtengwa, wokhala pamudzi wa eni. Mkazi wobwezedwa kwawo ndi mbiri yodula mwamuna, ndani angadyenso za mumphika wake? Ngakhale kutchalitchi anthu akanamamusiyira mphasa yekha. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Anagwada, n'kutambasula kathumba kaja ndi manja awiri.

"Lawani, amayi."

A Felista anazengereza. Kenaka anatsitsa khasu, n'kunyowetsa chala, kuchigunditsa m'kathumba, n'kuchiika palilime. Nkhope inakana kubisa. Chinthucho chinali chotsekemera kuposa nzimbe za kudimba kwawo. Koma munthu wamkulu kugonja pamaso pa mpongozi n'kovuta.

"Azungu ngochenjera," anatero. "Mchere wawo akhoza kuutsekemeretsa. Choyera n'choyera basi."

Benedeta anadzuka. Anatuluka ndi kapu ija n'kukhuthulira tiyi yense padothi, ngakhale mtima unamuwawa poona shuga akulowa m'nthaka. Anatsuka kapuyo, n'kusefera momwemo tiyi wotsala mumphika. Atatero anagwadanso.

"Ndiye thirani ndinu, amayi. Kuyambira lero kathumbaka kazikhala kwanu. Ine ndizinyika masamba, inu muzithira. Dzanja lanu ndi lozizira."

A Felista anamuyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna chipongwe m'mawuwo, koma sanachipeze. Anatapa shuga ndi zala zitatu, monga amatapira mchere, n'kutakasa ndi kamtengo. Kapu anaipereka okha kwa mwana wawo.

Damiano anamwa pang'onopang'ono mpaka kumaliza. A Felista anayamba kugwedeza mutu mokhutira, pakamwa patakonzeka kale kunena kuti mwaonatu.

Pomwepo chifuwa chinabweranso, chachikulu kuposa poyamba. Damiano anapindika, n'kutseka pakamwa ndi kansalu kosefera kaja. Atakachotsa, panali magazi.

Benedeta anathamangira kukamugwira msana. A Felista sanasunthe. Ankangoyang'ana zala zawo zitatu, pamene timibulu toyera tinali tikadakanirira.

"AnaBanda," anatero potsiriza, motsitsa mawu, kumutchula mpongoziyo ndi mfunda wake. "Thamangani mukaitane amalume ake a Damiano, a Nicholas, abwere ndi machila. Timutengere kuchipatala ku Nambuma."

"Nanga mawu a ku Nsaru, amayi?"

A Felista anapukuta zala zija pansalu yawo, n'kupukutanso kachiwiri.

"Ndati ku Nambuma," anatero.