Chiwongolero cha Alamu Chimazungulira Chokha

Mphekesera inali yakuti m'nyumba mwathu muli mzukwa wa dalaivala. Anthu ankanong'onezana pampopi, pamzere wogula buledi, ngakhale kusukulu kwathu kuseri kwa zimbudzi kumene timakambira nkhani zofunika. Ankati alamu anga anagula chiwongolero cha galimoto imene inachita ngozi, ndiye mwini wake amabwera masana kudzamaliza ulendo wake. Ena ankati anali dalaivala wa basi, ena ankati wa ambulansi. Mayi wina wa kuseri kwathu analumbira kuti anamva hutala. Chiwongolerocho chilibe hutala, koma ungatsutse bwanji munthu amene anamva ndi makutu ake.

Ine sindine woyambitsa. Ndinangouza munthu mmodzi, mnzanga Wailesi, ndipo ndinamuuza kuti asauze aliyense. Zoti dzina lake ndi Wailesi si vuto langa.

Koma ndiyambe bwino. Ndimakhala ndi achemwali anga ndi amuna awo m'nyumba ya lendi. Achemwali amasoka, makina awo opalasa ndi mapazi ali pakona ya pabalaza. Alamu amakonza mafoni kumsika. Ndi munthu wabwino, woonda ngati chingwe cha tchaja, ndipo chinthu chimene amachikonda kwambiri padziko pano, tikachotsapo achemwali, ndi chiwongolero cha magemu chimene anachimangirira patebulo lodyera. Pansi pa tebulolo pali zopondera zake, buleki, mafuta ndi kilatchi, ndipo waya wake umapita ku kompyuta. Ife timadyera mbali yotsalayo, zigongono zikugundana.

Tsiku limene chinabwera, achemwali anaseka mpaka misozi. Mawa lake anakalengeza pampopi.

"Anzanga amuna awo amagula galimoto, anga agula chiwongolero. Matayala akuti afika chaka chamawa."

Azimayi onse anagwa nazo ndi phwete. Kuyambira pamenepo achemwali sankachitchula dzina lina, chinali chidole cha abambo basi.

Vuto la alamu linali lakuti gemu iliyonse imafuna chiwongolero chichite zakezake. Gemu ya malole imafuna chizungulire kawiri ndi theka kuchoka kumanzere kufika kumanja, ngati lole yeniyeni. Ya mpikisano imafuna ungokhotetsa pang'ono. Magemu akalekale aja, amene anthu ankasewera ataimirira pa mabokosi aatali m'masitolo, amafuna kungogwedeza basi. Ukaiwala kusintha, umapota chiwongolero mpaka thukuta koma galimoto ikungopita kukagunda khoma. Komanso m'kati mwake muli kamota kamene kamalimbana nawe, kamanjenjemera ukadutsa pamiyala, ndipo mphamvu yake nayo imafuna kusinthidwa. Alamu ankatha nthawi yambiri akusintha manambala kuposa kusewera. Tiyi wawo ankazizira tsiku lililonse, ndipo ndinkamwa ndine, kuopa kuwononga.

Ndiye analemba kapulogalamu kawo. Anakapatsa dzina loti Kondakitala, chifukwa kamaima pakhomo n'kumaona amene akukwera. Gemu ikatseguka, Kondakitala amaiyang'ana kumaso, n'kuuza chiwongolero kuti uyu ndi wa malole, konzeka. Gemu ikatsekedwa, amachibwezera mwakale. Ndipo nthawi iliyonse chikauzidwa zatsopano, chiwongolerocho chimazungulira chokha, kumanzere, kumanja, n'kuima pakati, ngati munthu wodziwongola podzuka.

Magemu akale aja ndiwo anawavutitsa. Onse amalowera pa pulogalamu imodzi, imene ntchito yake ndi kuwanamiza kuti akadali m'bokosi lawo lakale. Ndiye kwa Kondakitala onse ankaoneka ngati ana ovala yunifomu imodzi, ankawayesa mwana mmodzi. Alamu analimbana nazo mpaka anamuphunzitsa kuwerenga dzina lolembedwa pamwamba. Zonsezi ankatifotokozera pa chakudya, kaya tafuna kaya ayi.

"Mlamu, ukumva? Tsopano akutha kuwasiyanitsa."

"Ndikumva alamu. Tandipatsireni mchere."

"Ndamuwonjezeranso nzeru ina. Ukasintha kanthu uli m'kati mwa gemu, ungodina apa ndi apa, iye amasunga yekha, safunsa. Mawa ukatsegula upeza mmene unasiyira."

"Akanakhala kuti amakumbukiranso zogula sopo," anatero achemwali osadzutsa ndi mutu womwe.

Ankaoneka ngati zikungolowera khutu ili n'kutulukira ilo. Ine ndinakhulupirira, alamu anakhulupirira, tonse tinapusa.

Tsiku lina anatiwerutsa msanga chifukwa aphunzitsi anali ndi msonkhano. Geti lathu limalira ngati mphaka wopondedwa mchira, ndiye nditalitsegula ndinadutsa cha pawindo la pabalaza n'kusuzumira, monga mmene munthu aliyense wanzeru amachitira. Mpando unali wopanda munthu. Pa kompyuta panalibe gemu. Koma chiwongolero chinazungulira kumanzere, kumanja, n'kuima pakati chitandiyang'ana. Za Kondakitala ndinkazidziwa, koma iyeyo sachita kanthu pokhapokha munthu atatsegula kapena kutseka gemu, ndipo alamu anali kumsika. 

Nditalowa, achemwali anatuluka pansi pa tebulo chokwawa, thukuta lili kamukamu.

"Singano yagwa," anatero ndisanafunse.

"Achemwali, chiwongolero chimazungulira chokha."

"Wayamba kuona zinthu iwe. Kavule yunifomu."

Madzulo ake ndi pamene ndinauza Wailesi, mwachinsinsi. Kenaka anthu ena anayamba kudzionera okha. Mayi wina wobweretsa diresi yoti ichepetsedwe m'chiuno anaona. Bambo wowerenga mita ya madzi anaona ndipo sanabwerenso. Geti likangolira, pawindo pamakhala mpando wopanda munthu ndi chiwongolero chikuzungulira. Mwezi umenewo achemwali anagwetsa singano zambiri.

Nkhani inawapeza eni nyumba. Timawatchula Mayi Makiyi chifukwa amayenda ndi mulu wa makiyi m'manja, umawamva asanafike. Anabwera ife tikudya, anakana mpando, anakana tiyi.

"Nyumba yanga yatchuka ndi mizukwa. Chipinda cha mbali inayo chilibe munthu, aliyense wobwera kudzaona akumubweza pamsewu pomwe. Pofika Loweruka chinthucho chituluke, apo ayi mutuluke nacho limodzi."

"Amayi, si mzukwa," anatero alamu ataimirira, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. "Ndi Kondakitala."

"Aliponso kondakitala? Ndiye anafa awiri?"

Alamu anachonderera kuti Lowerukalo abwere adzaone okha mmene zimayendera, akapanda kukhutira chichoke. Anavomera monyinyirika, makiyi akulira mpaka pageti.

Ine ndinkayembekeza kuti achemwali avina, popeza chidole cha abambo chikupita. Koma sanavine. Tsiku lotsatira anapsereza mpunga, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Ndikutsuka mbale ndinawamva akufunsa chapansipansi.

"Nanga mukachichotsa muchipititsa kuti?"

"Kwa mnzanga wa kumsika. Bwanji, si chidole chija?"

"Ndangofunsa. Tebulo lazolowera."

Loweruka masana pabalaza panadzaza. Mayi Makiyi anakhala pasofa, makiyi pamiyendo. Pawindo panali mitu yokhayokha, Wailesi kutsogolo, ngakhale ine ndinangomuuza nthawi yokha. Achemwali anakhala pa makina awo akusoka nsalu imene inali yosoka kale. Alamu anavala shati yoyera ya kutchalitchi n'kukunga manja.

Anayamba ndi gemu yakale. Itangotseguka, chiwongolero chinazungulira, anthu a pawindo anabwerera m'mbuyo mpaka kupondana zala.

"Mwaona amayi? Ndatsegula, chazungulira. Ndikutseka, onani, chazunguliranso. Chikungodziyeza basi. Gemu iliyonse ili ndi muyeso wake, ngati mmene diresi lililonse lilili ndi chiuno chake."

Anatsegula ya mpikisano, chimodzimodzi. Mayi Makiyi anayamba kugwedeza mutu pang'onopang'ono, koma ndi mayi wochenjera.

"Chabwino, panopa mukutsegula ndinu. Nanga masana mukakhala kumsika amatsegula ndani?"

Alamu anakanda m'mutu. "Mwina magetsi akamaphethira."

Makina osokera analira mwamphamvu pakona paja.

Pofuna kusintha nkhani, alamu anati awaonetse gemu yaulemu, ya malole. Anali asanaikhudze kwa nthawi yaitali chifukwa chotanganidwa ndi ana a yunifomu aja.

"Iyi ndinaiika yopepuka kwambiri amayi. Muona, ndiyendetsa ndi chala chimodzi."

Gemu inatseguka. Lole yawo inali yoyera, koma imene inaonekayo inali yofiirira ngati makatani athu, ikukoka ngolo yaitali. Alamu anaphethira. Anaika chala chimodzi pa chiwongolero, anaponda mafuta, lole inanyamuka. Pakona yoyamba chala chija chinapindika. Anagwira ndi dzanja lonse, kenaka manja onse awiri, mitsempha ya pakhosi inatuluka, koma chiwongolero chinali chouma ngati chivundikiro cha botolo chimene chakana banja lonse. Tayala litaponda mwala, chinawalanda, chinawamenya zala, tebulo lonse linanjenjemera mpaka supuni zinagwa. Anangokhudza buleki ndi chala cha kuphazi, lole inaima njii ngati yagunda khoma, ngolo inapotoka, zonse zinatsetserekera mu ngalande.

Alamu anayang'ana manja awo, ndiye ananena mawu oipitsitsa amene akanatha kunena tsiku limenelo.

"Si ine ndinaika zimenezi."

Pawindo wina anayamba pemphero. Mayi Makiyi anaimirira.

"Mwamva nonse ndi makutu anu. Mwini wake wafika. Masulani chinthucho pompano."

"Amayi, ndipatseni kanthawi ndione manambala."

"Ndati masulani."

Alamu anagwada n'kuyamba kupotokola zomangira. Ine mtima unandiwawa, chifukwa munthu wamkulu wovala shati ya kutchalitchi akagwada pamaso pa anthu chifukwa cha chidole, sizisekeka. Chomangira choyamba chinamasuka. Pamenepo makina osokera anasiya kulira.

"Siyani," anatero achemwali.

"Mwati bwanji?" anafunsa alamu.

"Ndati siyani. Mangani pomwepo, ndipo mumangitse, chifukwa chimagwedera. Tachokani ndikhale."

Anavula masilipasi, anakokera mpando kutsogolo, anapukuta manja m'siketi. Sanayang'ane munthu. Analowetsa giya yobwerera, lole inatuluka mu ngalande chafutambuyo, ngolo inawongoka yokha ngati yamva mawu a mayi ake. Chiwongolero chomwe chija chimene chinafuna kuthyola alamu chinkayenda mwakachetechete m'manja mwawo, manja ofinya mabulangete aja. Anayenda msewu wonse, anapatsa njira basi ina, anayatsa ndi indiketa yomwe, kenaka anafika pamalo otsitsira katundu n'kulowetsa ngolo chambuyo pakati pa malole awiri osakhudza ngakhale galasi. Anazimitsa injini. 

"Lole yodzaza katundu siyendetsedwa ndi chala chimodzi," anatero. "Munaiika yopepuka ngati supuni ya tiyi. Ndinangowonjezera pang'ono."

"Pang'ono?" Alamu anali akadagwada. "Nanga buleki?"

"Phazi langa ndi la makina osokera. Silifuna kuponda mpaka pansi."

"Munadziwa bwanji podina?"

"Mumalankhula pa chakudya chilichonse bambo. Munthu angathawire kuti?"

Mayi Makiyi anakhalanso pansi pang'onopang'ono. "Ndiye mzukwa uja ndinu?"

"Geti likalira ndimatseka gemu n'kulowa pansi pa tebulo. Koma Kondakitala wawoyo ndi wamiseche, sangathe kukhala chete, mpaka azungulitse anthu onse aone."

Ponena kuti wamiseche anandiyang'ana ine. Sindikudziwa chifukwa chake.

Ndiye pawindo panamveka mawu a mayi wina wa pampopi paja, okoma ngati shuga.

"Adalaivala, nanga matayala aja afika liti?"

Msewu wonse unaphulika ndi phwete. Achemwali anatseka maso, chifukwa chimene ankathawa mwezi wonse pansi pa tebulo chinali chimenechi. Mayi Makiyi anaseka mpaka makiyi anagwa, ine ndinawatolera. Atapukuta misozi anati chiwongolero chikhale, ifenso tikhale, ndipo anafunsa ngati ilipo gemu ya basi. Masiku ano amabwera pafupipafupi, akuti kudzaona ngati denga likudontha. Amayendetsa basi molunjika khoma, amatukwana okwera, n'kupita kwawo osayang'ana denga.

Pampopi achemwali dzina lawo ndi Adalaivala mpaka lero, ndipo ayamba kuyankha. Alamu anamuphunzitsa Kondakitala kufunsa kaye kuti wakhala pampando ndani, ndiye tsopano gemu iliyonse ili ndi manambala awiri, a abambo ndi a amayi. Chovuta n'chakuti mpando ndi umodzi, ndipo achemwali akati atsala pang'ono kufika, amatanthauza kuti angonyamuka kumene. Tiyi wa alamu sazizira tsopano, amamwa wotentha ataimirira kumbuyo kwawo. Ine ndiye ndaluza.

Koma nayi ina. Dzana achemwali atapita kukagula ulusi, ndinadutsa cha pawindo paja monga mwa chizolowezi, ndipo ndinaona alamu akutenga manambala a achemwali n'kuwakopera pa dzina lawo, a buleki omwe. Kenaka ndinawapeza kuseri kwa nyumba akunyamula ndowa ziwiri zodzaza madzi, kukweza, kutsitsa, kukweza, timikono tija tikunjenjemera ngati chiwongolero pamiyala. Atandiona anataya madzi pa nsapato zawo.

"Mlamu, foni yako imakonzedwa ndi ndani ikagwa?"

"Ndi inu alamu."

"Ndiye sunaone kanthu."

Ndinalonjeza, ndipo Wailesi sindinamuuze, ngakhale dzulo anandifunsa kuti bwanji ukuyenda utaluma mlomo. Nkhaniyi ikundiotcha m'kamwa ngati tiyi wa alamu wa masiku ano, ndipo foni yanga imagwa kawirikawiri. Inuyo mukanakhala ine, mukanaisunga mpaka liti?